Mayeso a unamwino sakhonzedwa ndi mapepala akale okha

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi ana athu amene akukonzekera mayeso a bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi. Popanda chiphaso cha bungweli, digiri kapena dipuloma yako imangokongoletsa khoma. Sungagwire odwala mwalamulo.

Mdzukulu wanga amachezera usiku ndi tochi, kuloweza mayankho a mafunso akale omwe anzake amatumizirana pa WhatsApp. Tsiku lina ndinamufunsa: madzi a dilipi 1,000 ml alowe m'thupi kwa maola 8, chipangizo chake chikutulutsa madontho 20 pa ml imodzi, ndiye pa mphindi agwe madontho angati? Anakanda mutu. Yankho ndi 42, ndipo kuwodi palibe amene adzakupatse mayankho anayi oti usankhepo.

Ana inu, mapepala akalewo awerengeni ndithu, koma bwererani ku patogilafu, fomu yolondolera mmene kubereka kwa mayi kukuyendera, muilembe mpaka dzanja lizolowere. Muzifunsana awiriawiri zizindikiro zoopsa kwa mayi woyembekezera amene BP yake yakwera. Ndipo muzigona, chonde. Ine m'nthawi yanga ndinalowa m'chipinda cholembera maso ali psuu, funso loyamba ndinaliwerenga katatu.

Namwino wopuma pantchito,
Zomba