Kwa inu a kampani yomanga nyumba: mtengo wa khitchini muziulemba wonse

Abwana, tikulemba pano pa tsamba lanu la Facebook chifukwa ndi pano pomwe mumaitanira anthu kuti muwawonjezere khitchini pa nyumba zawo. Ife ndi amisiri a zomangamanga, ndipo dandaulo lathu lili pa kotesheni imene mumapereka. Ili ndi mizere itatu yokha: zipangizo, leba, thiransipoti. Munthu akalipira dipoziti, makoma akafika pa windo, mumayamba kutchula "zowonjezera", pomwe zinthuzo ndi khitchini yeniyeniyo. Pamenepo mwini nyumba sangabwererenso m'mbuyo, khoma lake mwaliboola kale ndipo mvula ili pafupi.

Titenge khitchini wamba ya mamita 3 kwa 4, yotsamira khoma lakale mbali ya mamita 4. Makoma atsopano ndi atatu, onse pamodzi mamita 10. Akatalika mamita 2.7, n'kuchotsapo chitseko ndi windo, patsala masikweya mita pafupifupi 24. Buloko ya masentimita 40 kwa 20 imalowa 12 ndi theka pa sikweya mita, choncho pamwamba pa maziko pafunika mabuloko pafupifupi 300, n'kuwonjezerapo ochepa oti ena akasweka. Silabu ya masentimita 10 pa chipinda chimenechi ndi konkire yokwana 1.2 kiyubiki mita, ndipo pa kasakanizidwe ka 1:2:4 (simenti, mchenga, miyala) imadya matumba a simenti a 50 kg pafupifupi 8. Masamu amenewa satenga ola limodzi. N'chifukwa chiyani sakuoneka pa pepala lanu? Mukangolemba kuti "simenti" osatchula matumba angati, ya mphamvu ya 32.5 kapena ya 42.5, mwini nyumba alibe poyambira kufunsa akaona matumba akutha msanga.

Pamene pamapweteka kwambiri ndi pansi. Mumatchula mtengo musanakumbe ngakhale dzenje limodzi loyesera dothi. Dothi la katondo ndi la makande a m'mbali mwa dambo sizifanana: makande amafufuma nthawi ya dzinja n'kung'ambika m'chilimwe, ndiye maziko ake amafuna kukumba mpaka dothi lolimba, nthawi zina ndi zitsulo zomwe. Nyumba yakale inakhazikika kale pa dothi lake, pomwe chipinda chatsopano chimayamba kumene kutitimira. Maziko akakhala osaya, pamene makoma awiriwo akumana pamatuluka mng'alu wochokera pansi mpaka ku denga, ndipo kuumata ndi pulasitala sikuthandiza, umabweranso chaka chamawa. Pamalo pamenepo pamafunika kusankha: kulumikiza ndi tizitsulo tolowa m'khoma lakale pa mizere iwiri kapena itatu iliyonse, kapena kusiya mpata wowongoka woti makoma azisuntha paokha n'kuutseka bwino. Njira zonse ziwiri zili ndi mtengo wake, ndipo pa kotesheni yanu palibe ngakhale imodzi.

Pansi pa silabu palinso zinthu zimene mumazidumpha chifukwa sizioneka ntchito ikatha. Miyala yotsendera iyenera kusinjidwa mpaka italimba, kenako mankhwala a chiswe, kenako pepala la pulasitiki lotchinga chinyontho, ndi DPC, pepala loletsa chinyontho kukwera khoma, pansi pa mzere woyamba wa khoma. Khitchini ndi chipinda cha makabati a matabwa. Chiswe chikalowera m'mphepete mwa silabu, chimadya makabati kuchokera kumbuyo, mwini wake n'kudzazindikira shelefu itagwa ndi mbale zomwe. Chinyontho nacho chimakwera khoma, penti n'kumasupuka cha m'munsi. Ndipo konkire imafuna kuthiriridwa masiku osachepera 7. Madzi amenewo akuchokera pa mita ya ndani? Nenani poyamba.

Kuboola khoma lakale kuti pakhale khomo lolowera m'khitchini si ntchito ya hamala yokha. Khomalo lasenza denga. Pamafunika kuchirikiza kaye, kuika lintala, mtanda wa konkire wa pamwamba pa khomo, yokhala ndi zitsulo za Y12 (zokhuthala mamilimita 12), yolowa m'khoma masentimita osachepera 15 mbali zonse ziwiri, kuidikira iume, kenako kugumula pansi pake. Inu mumazitchula tsiku logumula, fumbi lili kale m'nyumba monse.

Denga nalo ndi chimodzimodzi. Malembedwe akuti "malata" sakwanira: ndi a geji yanji, IBR kapena wamba, aatali bwanji, angati? Pamene malata atsopano akumana ndi khoma lakale pamafunika lata lopinda lolowetsedwa m'khoma, osati kungopaka simenti pamwamba. Simenti imeneyo imasweka malata akamatentha ndi kuzizira, ndipo mvula yoyamba ya Novembala madzi amatsetsereka pa khoma mpaka pa siling'i. Denga likakhalanso lafulati kwambiri pofuna kuti lilowe pansi pa denga lakale, madzi amabwerera m'malumikiziro.

Tsono khitchini yopanda madzi ndi magetsi ndi sitolo chabe. Cooker imafuna waya wakewake wa 6 mm kuchokera pa bokosi la magetsi, buleka yake ndi switchi yake, osati kulumikiza pa masoketi a pabalaza. Ogwira ntchitoyo akhale ndi chiphaso cha MERA. Sinki imafuna paipi yotayira madzi ya 40 kapena 50 mm yotsetsereka bwino, gully trap (kabokosi kolandirira madzi oipa) panja, ndi kolowera madziwo. Paipi ikagona osatsetsereka, mafuta ndi nyenyeswa za nsima zimaundana m'kati, sinki n'kumabwezera madzi. Mapaipi a madzi ndi makonduwiti odutsamo mawaya zimaikidwa musanapake pulasitala ndi kuyala matailosi. Mukaziiwala pa kotesheni, munthu amalipira kawiri: kumanga, ndiye kuswanso.

Simutchulanso za pulani. M'mizinda ya Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba, kuwonjezera chipinda pa nyumba kumafuna chilolezo cha khonsolo, ndipo kujambulitsa pulani ndi kuivomerezetsa kuli ndi ndalama zake. Khonsolo ikaimitsa ntchito, wovutika ndi mwini puloti, inu mutapita kale kwina.

Tikudziwa kuti mitengo siikhazikika. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kutsitsidwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo simenti, zitsulo ndi malata zinakwera. Zimenezo n'zoona, koma si chifukwa chobisira zinthu. Lembani kuti mtengowu ugwira ntchito masiku angati, ndipo ukakwera muonetse lisiti la ku hadiweya. Thumba likhoza kukwera mtengo, koma chiwerengero cha matumba a pa silabu ya mamita 3 kwa 4 sichikwera ndi dola.

Pempho lathu ndi ili. Muzipita kaye pamalopo, mukumbe, muyeze, ndiyeno mupereke kotesheni yotchula chinthu chilichonse, kuchuluka kwake ndi mtengo wake, kuyambira maziko mpaka penti, yonenanso ngati msonkho wa VAT ulimo. Zimene simuchita, monga makabati kapena matailosi, muzilembe poyera kuti mulibemo. Malipiro akhale a gawo ndi gawo: maziko, makoma, denga, kumalizitsa. Chosintha chilichonse chilembedwe ndi kusainidwa ntchitoyo isanagwiridwe. Mulole mwini nyumba asunge 5 peresenti ya malipiro mpaka dzinja limodzi lidutse, aone ngati denga silikudontha ndiponso ngati khoma silinang'ambike. Nambala yanu ya ku bungwe loyang'anira makampani a zomangamanga muiike pa tsambali kuti anthu aifufuze okha.

Amene analipiritsidwa kale zowonjezera zosagwirizana ali ndi ufulu wokadandaula ku Competition and Fair Trading Commission, atanyamula kotesheni, malisiti ndi mauthenga a pa WhatsApp. Tikupempha kuti mutiyankhe pompano pamene makasitomala anu akuwerenga, osati ku inbox, ndipo muyambe ndi kuika chitsanzo cha kotesheni yathunthu ya khitchini ya mamita 3 kwa 4.