Liwu limodzi la Chingerezi landichotsera ulemu kuntchito

Mayi Alangizi,

Ndikulemba kalatayi nthawi itapitirira 1 koloko usiku, ana atagona, ndipo bambo a kunyumba kuno akuganiza kuti ndili pabalaza kusita zovala za mawa. Chiyambire Lachinayi sindinapeze tulo tabwino, choncho ndaona kuti ndi bwino ndiuze inu amene simundidziwa nkhope, pakuti amene amandidziwa andiseka kale mokwanira.

Ndine mayi wa zaka 36 ndipo ndimagwira ntchito ya ukalaliki pa kampani ina ya mathiraki ku Limbe, imene imanyamula katundu pakati pa kuno ndi Beira kudzera pa chipata cha Mwanza. Ndinayamba ngati wolandira alendo zaka 7 zapitazo, ndipo chaka chatha anandikweza kuti ndizisunga buku la ndalama zam'njira za madalaivala. Za mayeso anga a MSCE sindinena zambiri. Chingerezi ndinakhoza, koma mopulumukira m'kamwa mwa mbuzi, ndipo kuofesi palibe amene anandifunsapo kuti ndinapeza chiyani. M'zaka zonsezi sipanasowepo ngakhale tambala imodzi m'manja mwanga, ndipo izi ndikufuna muzidziwe musanamve zotsatirazi.

Lachiwiri madzulo bwana analemba pa gulu lathu la WhatsApp kuti, "It is high time we paid the driver at Mwanza." Ine nditaona liwu lakuti "paid", ndinakumbukira zimene tinaphunzira kusukulu, kuti mneni wotere amanena za chinthu chimene chinachitika kale, ndiye ndinamva ngati bwana akutiuza kuti dalaivalayo walipidwa, mwina iwo eni amutumizira pa foni monga amachitira nthawi zina. Ndinalemba m'buku kuti ndalama yapita, ndinatseka kabati n'kuweruka. Dalaivala uja anakhala pa chipata masiku awiri, thiraki yodzaza ndi katundu, alibe cholipirira akaoloka ku Zobue, mbali ya Mozambique, ngakhale chogulira nsima, ndipo foni yake inali itatha moto. Ndi bambo wachikulire, wa matenda a shuga, ndipo ndikaganiza za iyeyo ndi pamene mtima umandiwawa koposa.

Nditafika kunyumba Lachinayi ndinawaonetsa bambo a ana uthengawo, popeza iwo ndi mphunzitsi. Anandiuza kuti mawu akuti "it is time" kapena "it is high time" akatsatiridwa ndi munthu wochita, mneni amavala maonekedwe a zakale ngakhale chinthucho sichinachitike, ndipo tanthauzo lake ndi lakuti zinayenera kuchitika kalekale, tachedwa nazo. Anati bwana akanalemba kuti "it is time to pay" bwenzi nditamva msanga, koma ziwirizi zimaloza kumodzi, kungoti "high time" ili ndi kadzudzulo mkati. Kufotokozako kunali kwabwino, koma anakuchitira patebulo, mwana wathu wa Sitandade 7 akumva, ndipo anamaliza ndi kufunsa mwanayo ngati iye akanalakwitsa. Zimenezo sindinawakhululukirebe. Komanso ndimadzifunsa kuti bwana analephera bwanji kungolemba kuti mulipireni tsopano, pamene tonse muofesimo timayankhula Chichewa tsiku lonse, ngakhale iwo omwe akamakalipa?

Pali mtsikana wina wa ku akaunti, wobwera chaka chathachi ndi digiri yake, amene wandikulitsira nkhaniyi. Ndi yemweyo amene amamwera tiyi m'kapu yanga yobiriwira, imene ndinagula ndekha mumsika wa Limbe, n'kuisiya pasinki osatsuka, ndipo ndamuuzapo kawiri mwaulemu. Mwezi watha anachotsa chidziwitso chimene ndinamata pakhomo, pomwe ndinalemba kuti madalaivala azibwera "in time" ku msonkhano wa 8 koloko, n'kundiphunzitsa pamaso pa amakaniko kuti "on time" ndi kufika pa ola lenileni limene munapangana, pamene "in time" ndi kufika zinthu zisanaipe, monga kupeza basi isananyamuke. Ndikuvomera kuti ananena zoona, ndipo ndinalemba m'kope langa. Chondipweteka ndi chakuti iye mwini sanafikepo "on time" chilowere ntchito, koma palibe amene amamunena. Tsopano ndikamadutsa amauza anzake motsitsa mawu kuti "high time", onse n'kugwa nacho chiseko.

Liwu limeneli la "time" landizunza kuyambira kale, kungoti ndinkabisa. Kwathu kuno liwu lakuti nthawi limangotanthauza nthawi basi, ndipo tikafuna kuwerenga maulendo timati kawiri, katatu, koma eni Chingerezi liwu lomwelo alisandutsa "three times". Tsiku lina kasitomala wa ku Beira analemba kuti atsitsa katundu "in no time", ine n'kumva kuti alibe nthawi yotsitsira, ndipo ndinatsala pang'ono kuuza dalaivala kuti akafune pogona, pamene munthuyo ankatanthauza kuti atsitsa mwamsangamsanga. Pamene ndinali watsopano, bwana akandiuza kuti "take your time" ndinkathamanga, poganiza kuti akundikumbutsa kusunga nthawi, osadziwa kuti akundiuza kuti ndisapupulume. Mpaka lero dzanja limanjenjemera ndikafuna kusankha pakati pa "sometimes", "sometime" ndi "some time", ngakhale ndinaloweza kuti loyamba ndi nthawi zina, lachiwiri ndi tsiku lina losadziwika, ndipo lachitatu ndi kanthawi ndithu. Kusukulu kwathu tinalipo oposa 80 m'kalasi ndipo buku limodzi tinkagawana anthu asanu. Tinaloweza "go, went, gone", koma zoti mneni wa zakale angathe kunena za chinthu chimene sichinachitike palibe amene anatiuza. Sindikunena kuti mlandu ndi wa aphunzitsi, pakuti ndikanatha kuimba foni n'kufunsa. Sindinafunse chifukwa ndinaopa kuoneka mbuli pa gulu limene mtsikana uja alipo.

Chimene chandilembetsa kalatayi ndi zimene bwana ananena Lachisanu atandiitanira muofesi mwawo. Anayankhula Chingerezi chokhachokha, mwina pofuna kuti zimveke kuti ndi zantchito, ndipo ine ndinkangogwedeza mutu ngati ndikumva zonse. Ndinatolapo mawu atatu. Poyamba anati, "This is the last time." Ndikudziwa kuti "last time" payokha imatha kutanthauza ulendo wapitawo, koma apa ndikuona kuti ankanena komaliza, ndipo sindikudziwa ngati limeneli ndi chenjezo chabe kapena ndiye kuti zanga zatha. Kenaka anati, "Take some time off," osatchula masiku. Pomaliza anati ndibwerere pa tebulo lolandirira alendo "for the time being". Ndayang'ana mu dikishonale ya mwana wanga ndipo akuti ndi kwa kanthawi, mpaka zinthu zitasintha, koma kanthawi kameneka n'kotalika bwanji, ndipo malipiro anga atsika nawo kodi? Bambo a ana sindinawauze za mawu atatuwa, chifukwa sindikufuna phunziro lina patebulo.

Mayi, ndithandizeni. Kodi bwana akati "take some time off" ndiye kuti wandipatsa tchuthi kapena wandiimitsa ntchito, ndipo ndili ndi ufulu wopempha kuti andilembere pa pepala, kapena kutero kuoneka ngati mwano? Kodi ndiwaululire kuti Chingerezi changa chili ndi mipata, ndi kuwapempha kuti nkhani za ndalama azindilembera mosazungulira, kapena kuulula koteroko ndi kudzikumbira dzenje ndekha? Nanga munthu wa msinkhu wanga, wa ana atatu ndi ntchito yoweruka 5 koloko, angaphunzire kuti mawu oterewa, amene tanthauzo lake silipezeka pomasulira liwu limodzilimodzi? Ndaganizapo zolembanso mayeso a Chingerezi ngati wophunzira wapadera, koma ndikuopa kukakhala m'chipinda chimodzi ndi ana a anzanga a kutchalitchi. Ndipo dalaivala uja ndimupepese bwanji, popeza anabwerako Loweruka ndipo ndamva kuti akuuza anzake kuti ndinachita dala kuti ndidye ndalama yake?

Lolemba pali msonkhano wa ogwira ntchito onse 8 koloko m'mawa, ndipo sindikudziwa ngati ndikuyembekezeka kukakhalapo kapena ndikapezeka ndadzibweretsa pamalo pamene anandiuza kale kuti ndisafike.

Ine mwana wanu wosowa mtendere,
Limbe