Kalata kwa Nduna Yoona za Nkhalango: kambalame ka ku Thyolo katsala pati?

Olemekezeka a Nduna, zikomo. Ndalemba poyera chifukwa makalata amene ndinasiya m'maofesi ena mpaka pano zii, kaya anawerengedwa kaya akukulungira mandasi.

Ine ntchito yanga ndi yoperekeza alendo okaona mbalame m'mapiri a Thyolo ndi Mulanje. Kuli kambalame kena, m'mabuku amakatchula Thyolo alethe, dzina la boma lathu lomwe lija, kanalembedwa koyamba mu 1927. Kakulidwe ngati pumbwa, msana wofiirira, pakhosi poyera mbee, nsonga za mchira zoyeranso. Sikakwera m'mwamba ayi, kamakhala pansi mumdima wa nkhalango yowirira pomwe masamba ogwa samauma, ndipo kadyedwe kake nkotsata linthumbu. Linthumbu likamayenda tizilombo timabalalika kuthawa, iko kali phee pakanthambi kenako tsikeni, tola, bwererani. Ndiye mukadula mitengo ikuluikulu dzuwa nkulowa, pansi pauma gwa, linthumbu lasamuka, kambalame nako basi. Kumunda wa chimanga kapena m'mabulugamu sikangakhale.

Pitani pa phiri la Thyolo mukaone bwana. Pomwe tinkachita kuwerama polowa lero ndi zitsa ndi minda mpaka pamwamba, mlendo wakwera ndege kuchoka kutali, kamera ili pakhosi, ine ndikumulozera nandolo kuti apa ndi pomwe kankapezeka. Katsala m'tizigawo ta nkhalango ta m'maesiteti a tiyi, tomwe eni ake anateteza okha. Manyazi ake ine ndiye ndimawasenza, ndipo tsiku limenelo kunyumba ndiwo kulibe.

Ku Soche, Ndirande, Chiradzulu nkhani ndi yomweyo. Ku Mulanje mauvuni a makala akufuka masanasana, moto chaka chilichonse, mkungudza ndiye osanena. Namondwe Freddy atabwera mu 2023 tonse tinaona matope ndi miyala zikutsika Soche kukwirira anthu ku Chilobwe.

Ndikudziwa simunayambitse ndinu, ndipo anthu akuotcha makala chifukwa cha njala, ena ndi abale anga. Koma nanga malonjezo aja? Boma linauza dziko lonse kuti libwezeretsa mahekitala 4.5 miliyoni pofika 2030. Lamulo la nkhalango la 1997 munalikhwimitsa mu 2020, ife tinaomba m'manja. Nyengo yodzala mitengo ikafika mbande zimadzalidwa pamaso pa makamera, chabwino, koma mbande ya lero idzapereka liti mthunzi woti linthumbu libwerere? Nkhalango yakale ikutha ife tili kalikiliki kujambulitsa.

Pempho langa ndi limodzi a Nduna. Nkhalango yachilengedwe yomwe yatsala ku chigwa cha Ruo, pa Zomba ndi tizigawo ta ku Thyolo muikepo alonda okhazikika, olipidwa pa nthawi yake, ena atengedwe m'midzi yomweyo poti njira zonse amazidziwa. Ndipo pa rodibuloko musamangogwira wa njinga wa matumba awiri malole odzadza akudutsa usiku. Mutiyankhe poyera kuti alondawo afika liti, chilimwe chino moto usanayambe.

Ine woperekeza alendo,
Thyolo