Musanasankhe pulogalamu ya msonkhano, onani kaye foni ya mnzanu

Akonzi,

Ndipatseniko danga m'nyuzipepala yanu ndiyankhe funso limene ndafunsidwa katatu mwezi uno wokha. Anayamba ndi alembi a komiti ya kumpingo kwathu, kenako mayi wina wa banki m'khonde, ndipo dzana wandiimbira mnzanga wa kusekondale amene akusonkhanitsa anzathu akale. Onse akuti, "Inu a makompyuta, misonkhano ya pa intaneti tizichitira pa chiyani? Pa Zoom pomwepa kapena pali china?" Amafunsa ine chifukwa ndimakonza mafoni ndi malaputopu kuno ku Limbe, komanso ndili m'kagulu ka anthu okonda kuseweretsa makompyuta. Amaganiza kuti ife tinasankha mwanzeru. Ayi ndithu, tinatsala pang'ono kupha gulu lathu lomwe.

Tilipo 23. Tinayamba mu 2017, kukumana Loweruka lomaliza la mwezi pakhonde pa shopu yanga. Timamasula malaputopu a kaunjika, kuikamo Linux (pulogalamu yoyendetsa kompyuta m'malo mwa Windows), kuyatsa tinyale ndi Arduino (kabolodi kamagetsi kolamulidwa ndi pulogalamu), kukangana za zinthu zimene akazi athu amati n'zopanda ndiwo. Muli aphunzitsi awiri, ana asukulu zaukachenjede, dalaivala wa minibasi, ndi madala ena opuma pantchito a ku Chilomoni amene moyo wawo wonse akhala akukonza mawailesi. Covid-19 itapezeka m'dziko muno mu April 2020 tinasamukira pa intaneti, ndipo mliri utatha sitinabwererenso pakhonde, chifukwa apo n'kuti wina atapita ku Mzuzu, awiri ku Johannesburg, ndipo mchemwali wathu wina, namwino, ali ku Leeds.

Tinayambira pa Zoom ngati wina aliyense. Yaulere imalola anthu 100 koma imadula pakatha mphindi 40, ndipo pamenepo ndi pamene mkangano unabuka. Ena anati tisonkhe ndalama tilipire. Ena anati Google Meet ndiyo yabwino poti imapereka ola lathunthu. Ine ndi anyamata awiri tinali m'chipani cha mapulogalamu otseguka, aja amene aliyense angaone m'mene analembedwera n'kuwaika pa seva yakeyake, kutanthauza kompyuta imene anthu amalumikizikako kudzera pa intaneti. Tinkati gulu la anthu a Linux lingachitire bwanji misonkhano pa chinthu cha kampani. Ndinayankhula kwambiri masiku amenewo, ndipo ndimachita manyazi ndikakumbukira.

Poti onse ndife odziwadziwa, tinagwirizana zoyesa zonse. Mwezi uno Teams, wamawa Discord, winawo BigBlueButton imene inapangidwira makalasi a ku yunivesite, kenako Webex. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Msonkhano uliwonse theka la ola limathera pa "mukundimva?" ndi "dinani pakona pamwambapo", ndipo ife timasangalala nazo, tikuti tikuphunzira. Mlembi wathu ndi amene anatidzidzimutsa powerenga kaundula: tinayamba tikulowa 19, tsopano tikulowa 7. Ndipo asanu ndi awiriwo anali a WiFi ya kuofesi ndi a kunja aja, kuphatikizapo ine amene ndili ndi rauta pashopu.

Madala a ku Chilomoni ndinakumana nawo mumsika wa Limbe akugula anyezi. Nditawafunsa kuti mwasowa bwanji bambo, sanayankhe msanga. Anaika jumbo pansi, n'kutulutsa kafoni kawo kosweka galasi pakona, kokulunga ndi labala. Anatsegula pamene pamaonetsa malo otsala, mzere wake uli wofiira mpaka kumapeto. "Mwana wanga," anatero, "pulogalamu iliyonse imene mwabwera nayo, ine ndimayenera kufufuta zithunzi za adzukulu kuti ilowe. Ndafufuta za ubatizo, ndafufuta za tsiku lomaliza sukulu. Ya mwezi uno ndafufuta chiyani?" Kenako anandionetsa uthenga woti bandulo yawo yatha, wofika pa 7:35 madzulo a tsiku la msonkhano, pamene msonkhanowo tinayamba 7 koloko. Bandulo imeneyo amati iwafikitse kumapeto kwa sabata. Munthu amene anatiphunzitsa tonse kugwira chowotcherera mawaya anali atasiya kubwera chifukwa ife timafuna kuonetsana nkhope.

Usiku umenewo ndinatenga foni yangayanga, n'kuzimitsa WiFi, n'kuyesa ndi bandulo ngati wina aliyense. Ola limodzi pagulu makamera onse ali otsegula limameza deta yoyandikira 1GB, nthawi zina kuposa. Ola lomwelo ndi mawu okha silifika ngakhale 100MB. Munthu mmodzi akamaonetsa sikirini yake yokhala ndi zolemba, zimene siziyendayenda, zimawonjezera pang'ono chabe. Kusiyana kwa pulogalamu ina ndi inzake kulipo, koma n'kochepa poyerekeza ndi kusiyana kwa kamera yotsegula ndi yotseka. Miyezi yonse ija timakanganirana dzina la pulogalamu pamene mbava inali kamera.

Choyamba chimene tinasintha ndi chimenecho. Makamera timatsegula mphindi zochepa zoyamba, tipatsane moni, tione amene wanenepa ku Joni, basi onse n'kutseka. Amatsegula ndi yekhayo amene akuonetsa chinthu m'manja. Ndipo pulogalamu iliyonse imene wina akufuna kubweretsa, imayamba yayesedwa pa foni yofooka kuposa zonse m'gulu, pa bandulo, usiku pamene netiweki yadzaza. Ikakanika pamenepo, nkhani yatha, ngakhale ikhale ndi zokometsera zotani.

Za kulipira nazo zinatiphunzitsa. Zolipira za Zoom n'za madola, oposa 10 pamwezi, ndipo kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Kupeza madolawo pakhadi ndi nkhani imene aliyense wogula zinthu kunja akuidziwa. Mchemwali wa ku Leeds anatimvera chisoni n'kulipira yekha kwa miyezi ingapo. Zinali bwino mpaka tsiku limene anamuika pa shifiti ya usiku. Ife 15 tinakhala tikuyang'ana mawu oti dikirani mwini msonkhano, mwini wake ali muwodi foni ili mulokala. Pali njira yokonzeratu kuti anthu alowe mwiniyo asanafike, koma palibe anaiganizira. Amene walipira ndiye amasunga kiyi, ndipo gulu limene kiyi wake ali ndi munthu mmodzi limadwala iye akadwala. Mwa njira, amene muli ndi abale ku Britain muzikumbukira kuti kumeneko amasintha mawotchi kumapeto kwa March ndi kumapeto kwa October. Nthawi ina amatsalira ndi ola limodzi, nthawi ina awiri. A ku Johannesburg tili nawo pa nthawi imodzi chaka chonse.

Seva yangayanga ija ndinaikadi, ndipo inagwira bwino miyezi itatu. Chiphaso chake chachitetezo chimatha pa masiku 90, ine ndinalakwitsa pokonza zoti chizidziwonjezera chokha, ndipo Loweruka lina aliyense analandiridwa ndi chenjezo lofiira loti malo ano ndi oopsa. Ndinaitseka mwakachetechete. Amene ali ndi nthawi yolera seva aike, koma adziwe kuti ndi mbuzi yofuna kudyetsa tsiku ndi tsiku.

Cholakwa china chinali changanso. Pofuna kukopa mamembala atsopano ndinaika linki ya msonkhano poyera pa Facebook. Tili mkati mokambirana, analowa munthu wa dzina lachilendo n'kuyamba kuliza nyimbo ndi kutukwana zosaneneka, mwana wamkazi wa mmodzi wa aphunzitsi athu ali pambali pa bambo ake akumvera. Tinatha mphindi zingapo tikusakasaka pomutulutsira. Pulogalamu yake sinditchula poti vuto silinali lake. Chitseko ndinasiya chotsegula ndine. Mapulogalamu onse akuluakulu ali ndi chipinda chodikirira, pamene mwini msonkhano amaona dzina asanalole munthu kulowa, ndipo ambiri amalola kuika pasiwedi. Linki izipita m'gulu la WhatsApp lokha, ndipo wofuna kulowa nawo ayambe wayankhula ndi membala.

Tsono tinakhazikika pati? Pa Jitsi Meet, imene ili m'gulu la mapulogalamu otseguka aja, koma osati pa zifukwa zanga zachipani zija. Pa laputopu imatseguka m'burawuza (pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti) popanda kuika kalikonse, zimene zimathandiza ife a makina akale a Linux. Pa foni ili ndi pulogalamu yake, koma munthu angasankhe kulowera pa burawuza, ndiye madala aja safufutanso chithunzi. Siidula pa mphindi 40 kapena 60, ndipo ili ndi posankha kuti uzilandira mawu okha. Kuyambira mu August 2023, wotsegula chipinda pa seva yawo yaulere amayenera kulowa ndi akaunti ya Google, Facebook kapena GitHub, koma ena onse amangodina linki. Otsegula tinasankha atatu okhala kosiyana: ine ku Limbe, mnyamata wa ku Mzuzu, ndi mmodzi wa ku Johannesburg. Nzeru imeneyi inabwera namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022, magetsi n'kumazima maola ambirimbiri. Kuzima konse kutatu nthawi imodzi sikunachitikepo.

Ndinene chilungamo, m'makutu anga Zoom imagwirabe mawu bwino netiweki ikamavuta. Gulu limene aliyense ali nayo kale pafoni lisasamuke chifukwa cha kalata yanga. Mphindi 40 zikatha mumalowanso pa linki yomweyo, ndipo ndaona kuti malirewo amathandiza kufupikitsa anthu ena amene akagwira mawu sasiya. Alembi a kumpingo ndinawauza zomwezo. Mnzanga wa kusekondale, amene anthu ake ambiri ali ndi Gmail, ndinati ayese Google Meet. Anafunsa za Skype, ndinamuuza kuti Microsoft inaitseka mu May 2025.

Mayi wa banki m'khonde ndiye ndinacheza naye nthawi yaitali, chifukwa iye ankaona ngati WhatsApp ndi yachibwana, yosayenera msonkhano wa ndalama. Ndinamufunsa kuti alipo angati, anati 14. WhatsApp imalola anthu 32 pa kuimba kumodzi, aliyense ali nayo kale, aliyense amadziwa podina, ndipo palibe linki yoti itayike. Kwa ife siikwanira chifukwa timaonetsana mizere ya mapulogalamu imene pa kasikirini ka foni imaoneka ngati nyerere, komabe ndiyo pothawira pathu zikavuta: mlembi amangolemba kuti tonse ku WhatsApp, n'kuimba. Kwa amayi owerengerana masheya, chithunzi cha tsamba la kaundula chotumizidwa msonkhano usanayambe chimagwira ntchito yonse. Ndinangomuchenjeza kuti afunse kaye ngati bandulo ya WhatsApp imene amagula imalola kuimba, asadzadabwe mayunitsi atapita.

Amene walephera kulowa timamutumizira mawu ojambulidwa, opanda kanema, ochepetsedwa kuti asalemere. Tisanayambe kujambula timafunsa ngati onse avomera, ndipo pokamba za matenda kapena maliro a membala timaimitsa. Dalaivala wathu amamvera m'mawa pa siteji akudikira kuti minibasi idzaze, kenako amatumiza mafunso ake ndi mawu, mahutala akulira kumbuyo.

Mwezi watha tinalowa 18. Nkhani inali ya malaputopu amene atsala pamtunda Microsoft itasiya kusamalira Windows 10 pa 14 October 2025, ndi m'mene tingaikire Linux Mint, mtundu wina wa Linux, pa makina amene sangalandire Windows 11. Chakumapeto madala a ku Chilomoni anapempha kamera. Anatsamiritsa foni pa chitini cha shuga, n'kutionetsa kapasita yotupa pa bolodi ya chaja, kuichotsa, kuika ina, utsi wa mtovu ukukwera kutsogolo kwa galasi. Zinatenga mphindi 6. Atatha anati, "Ndatseka tsopano, bandulo ndi yanga," ndipo chithunzi chawo chinazima mawu n'kumapitirira.

Wokonza mafoni ndi makompyuta,
Limbe