BP ina imachokera ku chotupa

Akonzi,

Wodwala BP amene akumwa mankhwala amitundu itatu koma osasintha asamangomuwonjezera mapilitsi, azimuyeza mozama.

Mchemwali wanga anayamba BP asanakwanitse zaka 30. Zinkamugwira mwadzidzidzi: mutu ngati ung'ambika, mtima kugunda kwambiri, thukuta kamukamu mpaka bulauzi kunyowa, ngakhale m'mawa wozizira wa mu June. Pakapita mphindi zingapo, ali bwinobwino. Kuchipatala cha m'dera lathu ankangomuuza kuti achepetse mchere ndi maganizo. Kumudzi, mukudziwa kale, anayamba kuloza chala agogo ena osalakwa.

Sikani ya CT ndiyo inaonetsa chotupa pa kachiwalo kokhala pamwamba pa impso, kotchedwa adrenal. Chotupachi, pheochromocytoma, chimathira m'magazi adrenaline wochuluka, homoni yothamangitsa mtima ndi kukweza BP. Anamwa kaye mankhwala okhazikitsa BP kwa masabata awiri, kenako opaleshoni. Lero mapilitsi anasiya.

Matendawa ndi osowa, inde. Komabe Unduna wa Zaumoyo uphunzitse ogwira ntchito m'zipatala zing'onozing'ono kuti wachinyamata wa zizindikiro zitatuzi azimutumiza msanga ku Queen Elizabeth, komanso kuyeza metanephrine (zotsalira za adrenaline, zoonetsa chotupachi) mumkodzo kuzichitika m'zipatala zikuluzikulu zaboma.

Wokhudzidwa,
Ndirande, Blantyre