Dandaulo pa buku la zithunzi za akatswiri ojambula lomwe munandigulitsa

Bwana Manijala,

Ndalemba kalatayi chifukwa mafoni anga onse ku sitolo yanu akhala akuthera pa mawu akuti "tikuimbirani", koma mpaka lero palibe amene wandiimbira. Nkhani ndi ya buku lofotokoza zithunzi zotchuka zojambula pamanja lomwe ndinaitanitsa kudzera kwa inu, ndipo lisiti yake ndili nayo.

Ine ndimaphunzitsa achinyamata kujambula ndi penti kuno ku Dedza. Zojambula za pamiyala za ku Chongoni, zomwe bungwe la UNESCO linaziika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006, ndimatha kuwatengera komweko kuti akazione ndi maso awo. Koma chithunzi cha Mona Lisa chili m'nyumba yoonetsera zojambula ya Louvre mumzinda wa Paris, chithunzi cha Guernica cha Picasso chili ku Madrid, ndipo palibe mmodzi wa ife amene angapondeko posachedwa. Apa ndi pamene buku lotere limathandiza, chifukwa limasonkhanitsa zithunzizi pamodzi, limatchula chaka ndi malo, komanso limakulitsa kachigawo kakang'ono kuti wophunzira aone mmene burashi inayendera.

Zofooka za mabuku amtunduwu ndimazidziwa ndipo sindikukuimbani nazo mlandu. Pepala limalinganiza zonse: Mona Lisa, yemwe ndi wa masentimita 77 okha kutalika, amaoneka wamkulu mofanana ndi Guernica yoposa mamita 7 m'litali. Penti yokhuthala ya Van Gogh imasanduka yosalala. Mgonero Womaliza wa Leonardo da Vinci, womwe uli pakhoma ku Milan, anautambasula pamasamba awiri, moti Yesu, pokhala pakati, wamira mumsoko wa buku. Zimenezo ndi za osindikiza, ndipo ndikanazipirira.

Chimene sindingapirire ndi kulipira ndalama zonse zija pa buku lowonongeka. Masamba a Rembrandt, kuphatikizapo chithunzi cha Night Watch cha mu 1642, mulibe, ndipo m'malo mwake masamba ena abwerezedwa kawiri. Pachithunzi cha Vermeer cha mtsikana wovala ndolo ya ngale, inki inaphonyana, nkhope yake ili ndi maso anayi, ndipo duku lake latuluka lobiriwira ngati msipu. Mawu omwe ali m'munsi mwake akutamanda buluu wodula wochokera ku mwala wa lapis lazuli. Kodi ana ndiwauze kuti akhulupirire mawuwo kapena maso awo?

Popeza munandipatsa bukuli lili m'pulasitiki, zonsezi ndinaziona nditafika kunyumba. Kuyambira pamenepo ndakhala ndikukwera minibasi kubwera ku Lilongwe, kusiya ophunzira opanda mphunzitsi, kungodzauzidwa kuti abwana atuluka, kapena kuti katundu watsopano akadali m'njira. Paulendo womaliza, mnyamata wanu wa pakauntala anatsegula bukulo ndi dzanja limodzi, lina lili pafoni, n'kunena kuti, "Chithunzi ndi chithunzi basi. Kodi bambo, inu munapitako ku Ulaya kuti mudziwe mtundu wake weniweni?" Anzake anaseka, makasitomala ena akumva. Nditamuonetsa manambala a masamba omwe akudumphana, analoza chikwangwani chonena kuti katundu wogulidwa sabwezedwa, nayamba kuthandiza munthu wina ine ndili chiimire. Ndikuthokoza kuti sitolo yanu ili ndi katswiri wodziwa zojambula kuposa Vermeer mwini wake, koma muuzeni kuti ndikanakhala wotha kupita ku Ulaya sindikanafuna buku lanulo, ndiponso kuti munthu safunika pasipoti kuti aone kuti nkhope ili ndi maso anayi.

Ndikupempha kuti pasanathe masabata awiri mundipatse buku lina lomwe tidzalitsegule ndi kuliona limodzi tsamba ndi tsamba, kapena mundibwezere ndalama zanga zonse. Za minibasi sindikuziwerengera, ngakhale zatsala pang'ono kufanana ndi mtengo wa bukulo. Mukapanda kutero, nkhaniyi ndipita nayo ku bungwe loteteza ogula la Competition and Fair Trading Commission pamodzi ndi lisiti ndi bukulo, ndipo mabuku ena omwe ndimafuna kuitanitsa chaka chino ndikawagula kwina. Yankho lanu likhale lolemba, osati la pafoni.

Ine kasitomala wanu wokhumudwa,
Mphunzitsi wa zojambula, Dedza