Msilikali woyendetsa ndege nayenso amatopa

A Mkonzi,

Chigwereni ndege ya asilikali athu ku Chikangawa pa 10 Juni 2024, ndakhala ndikumva m'maminibasi ngakhale pamaliro anthu akunena kuti msilikali amene wauluka zaka zambiri sangalakwitse, ndipo wotchula za kulakwitsa akunyoza malemu. Ine maganizo amenewa ndikuwakana.

Abale athu a ku Zambia adaziona. Usiku wa pa 27 Epulo 1993, ndege ya Zambia Air Force ya mtundu wa Buffalo idanyamuka ku Libreville, m'dziko la Gabon, itanyamula timu ya dziko yomwe inkapita ku Dakar kukasewera ndi Senegal. Itangonyamuka idagwera m'nyanja ya Atlantic, ndipo anthu onse 30 adafera pomwepo, 18 mwa iwo osewera mpira. Lipoti la boma la Gabon, lomwe lidatuluka mu 2003, lidati injini ya kumanzere idagwira moto, koma woyendetsa adazimitsa ya kumanja, yomwe inali bwinobwino. Ndege idatsala yopanda mphamvu, mumdima, pamwamba pa madzi. Lipotilo lidatchulanso nyali yochenjeza yomwe inali ndi vuto, komanso kutopa: dzulo lake bamboyu anali atayendetsa ndege kuchokera ku Mauritius.

Kodi ameneyu anali mbuli? Ayi ndithu. Ndidagwirapo ntchito ya mathiraki pamsewu wa ku Beira, ndipo ndidaona madalaivala akale, odziwa khona iliyonse, akugwetsa galimoto m'bandakucha chifukwa bwana adawabweza asanagone. Maso amakhala ali tong'o, koma mutu utagona kale.

Chimandiwawa n'chakuti tikamaumirira kuti katswiri salakwitsa, timawapeputsira mlandu amene amamutuma. Msilikali amaphunzitsidwa kumvera lamulo. Kumbuyo kwake kukakhala akuluakulu othamangira mwambo, kutsogolo kuli chifunga, mawu oti "bwana, lero sitiuluka" salankhulika mophweka.

Ndikupempha aphungu a komiti yoona za chitetezo ku Nyumba ya Malamulo afunse poyera: oyendetsa ndege athu a usilikali amapuma maola angati asanaulukenso, zida zochenjeza m'ndege zawo amaziyesa liti, ndipo ndi lamulo liti limene limateteza woyendetsa akakana kunyamuka chifukwa cha nyengo yoipa.

Dalaivala wopuma ntchito,
Mchinji